A Sisitala Kachingwe, Amene Anatilanda Mipando

Uthenga wa imfa ya a Sisitala Kachingwe unandipeza ku Nazombe ndikubaya ana katemera pansi pa mtengo wa mango. Anabwera nawo ndi dalaivala wa ambulansi, ndipo atanena anangondiyang'ana kumaso, kudikira kuti ndigwire pakamwa. Ine ndinamufunsa ngati wabweretsa thonje lomwe ndinaitanitsa. Mwana yemwe anali kutsogolo kwa mzere anabayidwa, wotsatira wakenso anabayidwa.

Ndikudziwa kuti munthu akamwalira timayenera kumukumbukira ndi zabwino. Pa maliro pawo ntchito imeneyo inagwiridwa mokwanira. Anati anali mayi waukhondo, wosunga nthawi, wosabapo ngakhale m'bulu umodzi wa mankhwala. Zonsezo n'zoona. Koma onse omwe analankhula kumandako anali anthu oti sanavalepo yunifolomu pansi pa ulamuliro wawo. Ine ndinavala, zaka zambiri ndithu, ndipo ndinkadana nawo mayi aja. Mpaka lero ndimadana nawo.

Anali mkulu wa anamwino pa chipatala china chaching'ono m'boma la Phalombe, chomwe sindichitchula dzina poti makoma ake sanalakwe kanthu. Chinali ndi mawodi awiri, ya amayi ndi ya abambo, zitseko zake zoyang'anana, pakati pali kanjira ka simenti. Kwawo kunali ku Ntcheu, ndipo anabwera kuno napolo atangodutsa kumene, miyala ikadali mbwee m'minda ya anthu. Anali aatali, owonda, a wotchi yopachika pachifuwa ndi nsapato zoyera zomwe ngakhale fumbi la kuno linkaziopa. Anakhala pakati pa Alomwe mpaka imfa yawo osaphunzira ngakhale moni wa Chilomwe. Nkhalamba ikalephera kufotokoza m'Chichewa pomwe pakuwawa, iwo ankati ikuchitira dala.

Sabata yawo yoyamba anapeza mnzathu wina atakhala pa mpando akuluka juzi la mwana wake, wodwala wa pakona akuitana. Mnzathuyo analakwa, sindikana. Bwana wina aliyense akanamukalipira, nkhani n'kuthera pomwepo. A Kachingwe anaitana abambo osesa panja n'kuwauza kuti atulutse mpando uliwonse m'mawodi onse awiri, ndi mabenchi omwe. Anakaiunjika m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa khitchini, kiyi n'kumangirira pa lamba wawo. Tebulo lolemberapo analikweza ndi njerwa kunsi kwa miyendo kuti tizilemba choimirira. Ife tinkati ndi mkwiyo wa mlendo, ukatha mwezi utha.

Ankakonda kunena kuti mpando wa namwino uli kunyumba kwake, ndipo adzaukhalira akadzapuma pa ntchito. Ankatinso kuthokoza munthu chifukwa cha ntchito yomwe analembedwera n'kumuononga, choncho mawu oti zikomo sanatulukepo m'kamwa mwawo. Ukagwira bwino ntchito, mphotho yako inali yoti tsiku limenelo sanakutchule dzina. Chifukwa chawo anali nacho. Ali mtsikana, pa chipatala chomwe anayambira ntchito, mayi wina anataya magazi mpaka kufa namwino akuwodzera pa mpando. Nkhaniyi ankatibwerezera pa lipoti la m'mawa mpaka tinailoweza pamtima. Mayi ameneyo ndimamumvera chisoni. Koma sindinamvetsepo chifukwa chake ife, amene nthawi imeneyo tinali kusewera masanje, tinkayenera kulipira imfa yake ndi miyendo yathu.

Chomwe chinkawawa kwambiri n'chakuti panalibe powagwirira. Iwonso sankakhala. Malo awo anali pakanjira kaja, pakati pa zitseko ziwirizo, pomwe munthu amaona mawodi onse pongotembenuza khosi. Ankaimirira pamenepo manja kumbuyo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Nkhomaliro yawo inali tiyi ndi chinangwa chophika, ndipo ankadya ali chiimire, nkhope italoza kuwodi. Misempha ya m'miyendo mwawo inatupa ngati zingwe, koma sindinawamvepo akudandaula. Munthu wotere ungakamuneneze kwa ndani, ndipo ungakanene kuti chiyani?

Ndiye tinaphunzira chomwe ankafuna. Maso awo ankafuna namwino woyenda, ife tinawapatsa. Umatenga tileyi, kuikapo kambale, kuphimba ndi kansalu koyera, n'kumayenda nayo kuchokera pakhomo mpaka pazenera la kumapeto, kubwerera, kulowa wodi inayo. Nthawi zambiri pansi pa kansaluko panalibe kanthu. Wodwala akaitana umayankha kuti “ndikubwera” osachepetsa liwiro, chifukwa kuima nthawi yaitali pabedi limodzi iwo ankakutcha kucheza. Mankhwala tinkapereka pa nthawi yake, mabedi anali oyalidwa bwino, pansi pankawala. Koma kufunsa wodwala kuti wadya chiyani, akulirira chiyani, akubisiranji mapiritsi pansi pa pilo, zonsezo zinatha. Alendo ochokera ku boma ankabwera n'kuyamikira kuti sanaonepo anamwino achangu ngati ife. Tinkaweruka miyendo itachita dzanzi, mitima itauma gwa. Ine ntchito iyi ndinailowa ndikuikonda, koma pasanathe zaka zambiri ndinali munthu wongosuzumira pazenera kuona ngati dzuwa lapendeka.

Atadwala matenda omwe anawatengawa, anawagoneka m'wodi ya amayi momwemo. Anali atapuma pa ntchito zaka zingapo, koma ku Ntcheu sanabwerere, mwina kunalibe owadikira. Anamanga kanyumba pafupi ndi chipatala n'kumakhala okha. Sitiroko inawafooketsa mbali ya kumanja ndipo kumeza kunkavuta. Madzi ankayenera kupatsidwa ndi sipuni, pang'onopang'ono, ndi munthu wodekha. Gadiyani, wachibale uja amagona pambali pa wodwala n'kumamusamalira, iwo analibe. Nthawi imeneyi n'kuti ine nditasamutsidwira ku Nazombe. Tsiku lina nditapita kukatenga katemera ndinasuzumira m'wodimo. Sichinali chikondi, ndinkangofuna kuona ndi maso anga.

Ndinapeza namwino wachitsikana, wongochoka kumene kusukulu, akuika kapu ya madzi pakabati ka pambali pa bedi lawo. A Kachingwe anamugwira yunifolomu ndi dzanja lamanzere lomwe linkagwirabe ntchito.

“Mwana wanga, takhala pang'ono apa. Undimwetse.”

“Agogo, muno sitikhala pansi,” anatero mtsikanayo mwaulemu wake wonse. “Ndi lamulo la pano kuyambira kale. Ndikubwera.”

Ananyamula tileyi yake n'kumapita. Iye ankangodziwa kuti agogowa anagwirapo ntchito pamenepo, koma mwini wake wa lamulolo sankamudziwa. Amene analowa m'malo mwa a Kachingwe anali wophunzitsidwa ndi iwo omwe, ndipo mipando sanaibweze. Ndikanama ndikati ndinamva chisoni. Ndinamva ngati munthu wandikanda pomwe pakhala pakuyabwa zaka zambiri.

Kenako anandiona. Pakamwa panali patapotoka, koma maso anali omwe aja.

“A Joyisi,” anatero. “Esinati ali kuti masiku ano?”

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo, chifukwa mlandu wanga waukulu ndi a Kachingwe si miyendo yanga ayi. Ndi Esinati.

Esinati Namaona anali namwino mnzathu, mwana wa ku Kaduya konkuno, woyamba m'mudzi mwawo kuvala yunifolomu yoyera. Ena tonse tinali alendo ochokera m'maboma ena, ongodikira tsiku losamutsidwa. Iye anali kwawo. Anali wamfupi, wa phwete losabisika, ndipo ankafika pa ntchito nthawi isanakwane popanda womutuma. Nkhalamba zouma pakamwa pamaso pa ife zinkamasuka kwa iye, n'kumuuza m'Chilomwe mankhwala achikuda omwe zamwa kumudzi, zinthu zoti ife tikanazidziwa munthu atafa kale. Msempha womwe tonse talephera kuupeza pa mkono wa mwana, Esinati ankaupeza akuimba. Masewera a tileyi aja iye anawakana. Poti kukhala kunali koletsedwa, iye ankanjuta pambali pa bedi, ndipo a Kachingwe ankamuyang'ana ndi diso lofiira koma kunjuta kunalibe m'lamulo lawo.

Matipate atabwera, aliyense akulankhula za ufulu, nafenso tinalimba mtima n'kupempha msonkhano. Sitinapemphe zambiri. Tinkafuna mpando umodzi m'wodi iliyonse, wa namwino amene akumwetsa kapena kudyetsa wodwala. Wotilankhulira anali Esinati, ndipo analankhula bwino, mwaulemu, manja kumbuyo. A Kachingwe anamvetsera mpaka kumapeto. Atatha anati matipate amathera pa geti, ndipo wofuna kuvota akavotere kumsika. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Esinati linawakhala pakhosi.

Nyengo ina ya mvula matenda otsegula m'mimba anavuta kwambiri cha kunyanja ya Chilwa. Mabedi anadzaza, odwala ena ankagona pamphasa pansi, ndipo madilipi anatithera. M'mawa wina anabweretsa pa njinga mayi wachichepere wa ku Kaduya, maso atalowa m'kati, khungu ukalitsina losabwerera. Mwamuna wake anangomutula n'kuthamangira kumudzi, komwe ana nawonso anali atayamba kudwala. Popanda dilipi, chopulumutsa munthu wotere ndi madzi a mchere ndi shuga. Umamupatsa sipuni imodzi, kudikira, kumupatsanso ina. Ukamupatsa kapu yonse nthawi imodzi amasanza, ndipo wabwerera pomwe unayambira. Ndi ntchito ya tsiku lonse, ndipo siigwirika ndi munthu wodutsa.

Esinati anamutenga mayiyo. Nthawi imeneyo n'kuti iye ali woyembekezera, mimba itakula ndithu. Ananjuta pambali pa mphasayo m'mawa wonse mpaka miyendo inakana. Ndiye anapita kochapira, anatenga ndowa, anaivundikira pansi n'kukhalapo. Ine ndinali kumapeto kwa wodi ndipo ndinaona a Kachingwe akutembenuza khosi. Sanathamange. Anabwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo, nsapato zikulira pa simenti.

“A Namaona, mwatopa?”

“Ayi, Sisitala. Ndikumwetsa wodwala. Wayamba kusunga madzi, taonani, lilime lanyowa.”

“Ndafunsa ngati mwatopa. Imirirani.”

“Ndikaimirira sindimufikira, Sisitala, wagona pansi. Ndiloleni ndingomaliza kapu iyi.”

“Wodi yonse ikudikira, inu mukucheza Chilomwe ndi m'bale wanu. Imirirani, munyamule ndowayo, mukaibweze komwe mwaitenga.”

Esinati anaika sipuni m'kapu, anagwira mwendo wa bedi loyandikana nalo n'kudzikoka mpaka kuimirira. Ananyamula ndowa ija n'kudutsa nayo pakati pa odwala, ambiri a iwo anthu akwawo omwe anamuona akukula. Asanafike pakhomo a Kachingwe analankhulanso, mokweza kuti aliyense amve.

“Poti a Namaona amakonda kukhala, kuyambira mawa akakhala pazenera lolembera makadi. Mpando ulipo kumeneko. Mukakhale mpaka mukhute.”

Mayi uja tinayesa kumumwetsa enafe, mowerama, mwachangu, podutsa, maso a a Kachingwe ali pamsana pathu. Pofika madzulo anali atayambanso kusanza. M'mawa mwake achibale anabwera, ndipo ataona mmene analili anati bola akafere kunyumba, n'kumukweza pa njinga. Sabata yomweyo Esinati anapempha tsiku limodzi kuti akaike maliro a mayi uja ku Kaduya. A Kachingwe anafunsa ngati womwalirayo anali wachibale wake weniweni. Atamva kuti ayi, anakana.

Pazenera paja ndi pomwe odwala oyendera amalembetsa maina asanaonane ndi dokotala. Ndi ntchito yoti munthu aliyense wodziwa kugwira cholembera angaigwire. Namwino wabwino kuposa tonse anakhala pamenepo mpaka anapita kukachira, ndipo atabwerako anamubwezera pomwepo. Kuwodi odwala ankafunsa kuti anesi athu afupi aja ali kuti, ife n'kumayankha kuti ali kutsogolo. Mwana akabwera msempha utasowa tinkamubaya mobwerezabwereza, mayi wake akulira, Esinati ali chapafupi pomwepo akufunsa anthu mudzi ndi mfumu yawo.

Poyamba ankazemba nthawi ya nkhomaliro kudzasuzumira odwala. A Kachingwe anamuletsa. Kenako anasiya yekha kufunsa za kuwodi. Anayamba kufika mochedwa, munthu uja ankafika nthawi isanakwane. Phwete lija linatha. Tsiku lina ndikudutsa pazenerapo ndinamva bambo wina wokalamba akufotokoza kanthu m'Chilomwe, ndipo mawu omwe anamuyankha ndinachita kuima kuti nditsimikize kuti ndi a Esinati.

“Lankhulani Chichewa, agogo. Ndilibe nthawi. Dzina basi, zinazo mukanene kutsogolo.”

Ndinapita kuchimbudzi kukalira. Imfa ya mayi wa ku Kaduya inandiwawa, koma odwala amafa ngakhale m'manja abwino. Ichi chinali china. A Kachingwe anatenga munthu wokonda ntchito n'kumuchotsa mtimawo pang'onopang'ono ife tikuona, mpaka anayamba kulankhula ngati iwo. Zaka zimenezo anamwino ambiri ankachoka, ena kupita ku Mangalande, ena kumabungwe a magalimoto oyera. Esinati sanapite kutali konse. Anangovula yunifolomu n'kukayamba kugulitsa mchere, sopo ndi machesi pamsika wa pa Chiringa. Atamva zimenezi, a Kachingwe anati zaonetsa kuti analibe maitanidwe.

Ndi Esinati ameneyo yemwe ankamufunsa ali gone pabedi paja.

“Ali pa Chiringa, Sisitala,” ndinayankha.

“Mukamuuze abwere. Ali ndi dzanja labwino mwana uja. Amadziwa kumwetsa.”

M'zaka zonse zomwe ndinawadziwa, aka kanali koyamba kuwamva akuyamikira munthu, ndipo anayamikira chifukwa ludzu linali lawo. Ndinatenga kapu ija n'kuwamwetsa masipuni angapo ndili chiimire, monga momwe anandiphunzitsira, madzi ena akutsikira m'khosi la malaya. Panja ambulansi inaliza hutala, ndipo ndinapita.

Uthengawo ndinakapereka, pakuti uthenga wa wodwala suubisa. Tsiku la msika ndinakwera njinga mpaka pa Chiringa. Ndinamupeza Esinati kuseri kwa benchi lake, atanenepa, atakhala pa mpando waukulu wa nsungwi woikapo manja.

“Asisi Joyisi! Mwasochera kapena?”

Ndinamufotokozera zonse, za sitiroko, za kapu, za mtsikana wa tileyi. Iye anamvetsera akuyezera mayi wina mchere. Wogulayo atachoka anandifunsa.

“Anena okha kuti dzanja langa n'labwino?”

“Ndi pakamwa pawo.”

Anayang'ana manja ake, kuwatembenuza uku ndi uku. Anali oyera ndi mchere.

“Ndiye kuti ankadziwa,” anatero. “Nthawi yonse ija ankadziwa. Mukawauze kuti a Namaona akadali chikhalire, sanakhute.”

Ndinaseka, iye sanaseke. Kenako analankhula motsitsa mawu.

“Asisi, musaganize kuti ndikukana chifukwa cha mkwiyo wokha. Ndikanakhala ndi mkwiyo bwenzi ndikupita kukawaona akuvutika. Ine fungo la chipatala limandichititsa nseru masiku ano. Mwana wanga yemwe akadwala amapita naye ndi bambo ake. Anthu a kwathu amabwerabe pano kudzandifunsa za matenda, ine ndimangowalozera njira. Zija zinatha mwa ine, asisi. Ndafufuza, mulibe.”

Anandipatsa sopo mmodzi kuti ndikachapire yunifolomu, ndipo ndinabwerera ku Nazombe. Kuwodi kuja sindinapitenso mpaka tsiku lomwe dalaivala anabwera ndi uthenga wake pansi pa mango.

Titachoka kumanda ndinadzera pachipatala paja. Pakanjira ka pakati pa zitseko ziwiri, simenti inaperepeseka malo awiri oyandikana, pomwe nsapato zoyera zinkaponda zaka zonse zija. Palibe amene amaimapo. Anamwino a masiku ano, omwe ambiri a iwo sanagwirepo ntchito ndi a Kachingwe, akafika pamenepo amawonjezera liwiro osadziwa chifukwa chake. Kuseri kwa khitchini ndinasuzumira pazenera la kachipinda kaja. Mipando ikadali momwemo, younjikana mpaka kudenga, miyendo m'mwamba, chiswe chitadya ya pansiyo. Ndinafunsa za kiyi, palibe amene akudziwa komwe ali.

M'wodi ya amayi pansi pakuwalabe. Bedi lomwe anagonapo linali litalandira kale wodwala wina, mayi wowonda yemwe anali atatembenukira kukhoma. Pakati pa bedi limenelo ndi linzake pali mpata woyera, wokolopedwa bwino, wokwanira mpando umodzi. Pakabati panali kapu yodzaza madzi, sipuni ili m'kati mwake, ndipo ntchentche inkayenda m'mphepete mwa kapuyo popanda woiingitsa.